Bwalo la Owerenga: Kulemba imelo ya kuntchito yoti munthu ayankhe

Makalata ambiri amene mwatilembera mwezi uno akukhudza imelo, ndipo dandaulo lalikulu ndi limodzi: uthenga umapita, yankho osabwera. Tasankhapo mafunso asanu ndi awiri, ena tawafupikitsa kuti akwane malo.

Ndafunsira ntchito kambirimbiri koma kuli zii

"Ndinamaliza dipuloma ya zowerengera ndalama chaka chatha. Ndatumiza makalata ambiri ofunsira ntchito pa imelo koma palibe amene anandiyankhapo. Ndimangomata CV ndi zithunzi za masatifiketi n'kutumiza. Ndikulakwitsa pati?"
Mtsikana wa ku Chinamwali, Zomba

Achemwali, tisakunamizeni: ofunsira ntchito amachuluka kuposa malo, ndipo makampani ambiri amayankha okhawo amene awasankha kuti akayesedwe. Choncho akakhala chete sikuti nthawi zonse mlandu ndi wa imelo yanu. Komabe mawu anu akuti "ndimangomata n'kutumiza" atidetsa nkhawa, chifukwa imelo yotero imatha kufa isanatsegulidwe n'komwe.

Taganizirani munthu wa mu ofesi yolemba antchito Lolemba m'mawa. Maimelo angoti mbwee, mndandanda mpaka pansi. Pa imelo iliyonse iye akuona zinthu zitatu zokha: dzina la wotumiza, mutu, ndi mawu ochepa oyambirira. Zitatu zomwezi ndi zimene zimamuuza kuti atsegule kapena adumphe.

Yambani ndi dzina. Adiresi imene munatsegula muli ku sekondale, ya dzina lamasewera ndi manambala kumapeto, isiyeni ikhale ya anzanu. Tsegulani ina ya dzina lanu lenileni ndi la makolo, monga momwe alili pa chiphaso cha unzika ndi pa masatifiketi. Palinso kanthu kena kamene ambiri sakadziwa. Kupatula adiresi, pali dzina limene wolandira amaona, ndipo ngati akaunti anakutsegulirani mnyamata wa pa shopu ya mafoni, mwina analembapo zake. Dzitumizireni imelo nokha muone chimene chikuoneka.

Mutu musausiye wopanda kanthu, ndiponso "CV" yekha si mutu. Chilengezo cha ntchito chikanena mawu oti mulembe pamenepo, koperani ndendende, pamodzi ndi nambala ya ntchitoyo ngati ilipo. Maofesi ena amatchera makompyuta kuti azisanja okha maimelo potengera mawu a pamutu, ndiye yanu ikasowa mawuwo imakagwera kumene palibe akuyang'anako. Chilengezo chikapanda kunena, lembani dzina la ntchito ndi dzina lanu, m'chilankhulo cha chilengezocho.

M'kati mwa imelo lembanimo ziganizo zinayi kapena zisanu: ntchito imene mukufunsira ndi kumene munaiona, maphunziro anu apamwamba kwambiri, chinthu chimodzi chimene munachitapo chogwirizana ndi ntchitoyo, zimene mwamata, ndi nambala yanu ya foni. Ngati munagwirapo ntchito yophunzirira, nenani mwachindunji, mwachitsanzo kuti kwa miyezi 6 munkalemba malisiti ndi kuyerekeza mabuku a ndalama ndi sitetimenti ya kubanki. Mawu akuti "ndine wolimbikira ntchito" aliyense amalemba, ndiye sakusiyanitsani ndi wina aliyense. Imelo yopanda mawu koma yokhala ndi mafayilo imaoneka ngati ya akuba a pa intaneti, ndipo antchito ambiri amalangizidwa kuti zotero asamatsegule.

Tsopano zithunzi zija. Satifiketi ya MSCE yojambulidwa pa bedi, m'mbali mukuoneka chitenje, pakati pali mthunzi wa dzanja, ina yazondoka, ndipo zonse zili m'mafayilo 9 osiyana: woilandira sangakhale ndi mtima wotsegula chimodzichimodzi. Pulogalamu ya Google Drive ya pafoni ili ndi batani lojambulira mapepala limene limadula m'mbali, kuwongola pepala, n'kupanga PDF. Yalani pepala patebulo pafupi ndi windo masana, osayatsa nyali ya kamera chifukwa imanyezimira pa satifiketi yomatidwa pulasitiki. Kalata ndi CV nazonso zisandutseni PDF. Fayilo ya Word imasintha maonekedwe ikatsegulidwa pa kompyuta ina, mizere n'kusokonekera, pomwe PDF imaoneka chimodzimodzi kulikonse. Ngati sananene zina, phatikizani zonse mu fayilo imodzi motere: kalata, CV, masatifiketi kuyambira yaposachedwa, chiphaso kumapeto. Ipatseni dzina lanu ndi la ntchitoyo, osati "Document1" kapena "scan0004", ndipo yesetsani isapitirire 2 kapena 3 MB.

Potumiza, matani fayilo kaye, lembani mawu, adiresi ya kampani muilembe pomaliza penipeni. Mukatero chala sichingatumize imelo yosatha. Kenako lowani mu Sent mutsimikize kuti yapitadi, chifukwa netiweki ikafooka kapena bandulo ikatha imelo imangokhala mu Outbox inu mukuyesa yafika. Musadikire tsiku lotsekera, magetsi amathima osakuuzani.

Chomaliza: aliyense amene angakuyankheni kuti mutumize kaye ndalama pafoni kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa okayesedwa, ameneyo akufuna kukuberani.

Kodi kufupikitsa si mwano?

"Kwathu tinaleredwa kuti wamkulu sumuyamba ndi nkhani usanamulonjere bwinobwino. Koma abwana anga akuti maimelo anga ndi aatali ndipo sadziwa chimene ndikufuna. Ndichite bwanji kuti ndisaoneke wamwano?"
Kalaliki wa ku Area 3, Lilongwe

Achimwene, anakulerani bwino, ndipo moni musausiye. Vuto ndi malo amene mukuika chimene mwabwerera. Pakhomo pa munthu timayamba odi, kukhala pansi, kufunsana za ana ndi za mvula, nkhani n'kubwera pambuyo. Zimatheka chifukwa mwini nyumba ali nanu pomwepo ndipo mlendo ndinu nokha. Abwana anu amawerenga imelo yanu pafoni, ali pa khonde pakati pa misonkhano iwiri, enanso makumi angapo akudikira. Pempho likakhala m'ndime yachinayi, iwo amakhala atatseka kale n'kunena kuti "ndiona bwino", ndipo bwino ameneyo safika.

Moni ukhale mzere umodzi. Mzere wotsatira unene chimene mukufuna, osapita m'mbali. Kenako chifukwa chake, kenako tsiku limene mukufunira yankho. Taonani chitsanzo:

"Bwana, mwadzuka bwanji? Ndikupempha chilolezo chogula mapaketi 20 a mapepala a pulinta. Atsala 3 okha, ndipo malipoti a kumapeto kwa mwezi tiyamba kusindikiza Lolemba. Ndamata makotesheni a mashopu atatu. Wotsika mtengo ndi wachiwiri, ndipo ndi amene ndikuganiza kuti titenge. Mukavomereza pofika Lachinayi masana, katundu afika Lachisanu. Zikomo."

Mulibe mwano mmenemo. Ulemu uli m'mawu akuti "ndikupempha" ndi "mukavomereza", komanso poti abwanawo akhoza kuyankha ndi liwu limodzi lokha. Onaninso kuti wolembayo wanena maganizo ake. Kungolemba kuti "mutithandize maganizo" n'kuwasenzetsa ntchito imene ili yanu.

Imelo imodzi ikhale ya nkhani imodzi. Mukaika za mapepala, za tchuthi chanu ndi za galimoto yowonongeka pamodzi, adzayankha chophwekacho, zinazo n'kuiwalika. Ngati nkhani imodziyo ili ndi mafunso angapo, aikeni manambala 1, 2, 3, aliyense pa mzere wake, kuti woyankha asadumphe.

Popeza maimelo ambiri a m'maofesi mwathu amalembedwa m'Chingerezi, tinenekonso za malonje ake. "Dear Sir/Madam" ndi wa munthu amene dzina lake simukulidziwa, ndipo amatsekedwa ndi "Yours faithfully". Mukadziwa dzina, lembani "Dear Mr" kapena "Dear Ms" ndi dzina la makolo, n'kutseka ndi "Yours sincerely", kapena "Kind regards" ngati mumalemberana kawirikawiri. "Mrs" musamupatse mayi amene sanadzitchule yekha choncho. Amene ali ndi udindo wa Dr, Prof kapena Rev mutchuleni nawo. Ndipo samalani ndi mayina athuwa: Chikondi, Chisomo, Mphatso, Thokozani, Limbikani, ambiri mwa iwo amapatsidwa kwa amuna ndi akazi omwe. Mukakayika, lembani "Dear" ndi mayina onse awiri, kusiyana n'kumutcha bambo munthu wamayi. Kalembedwe ka dzinalo kakopereni pa imelo yake, chifukwa kusinthanitsa l ndi r kapena kuiwala h m'dzina la munthu kumamupweteka kuposa momwe ambiri amaganizira.

Zidule za pa WhatsApp, tizithunzi ta nkhope zoseka, ndi kulemba mawu onse m'malemba akuluakulu, zisiyeni. Malemba akuluakulu okhaokha amamveka ngati mukukalipa.

To, Cc ndi Bcc

"Ndine mlembi wa bungwe la alimi. Ndikatumiza uthenga kwa mamembala, ena amadandaula kuti akulandira mayankho a anthu ena ambirimbiri, ena akuti adiresi yawo yafika kwa anthu osawadziwa. Timabokosi titatu tija timasiyana bwanji?"
Mlembi wa ku Kasungu

Bambo mlembi, mu To mumaika munthu amene mukufuna kuti achitepo kanthu. Mu Cc mumaika amene akungofunika kudziwa, ndipo iye sayembekezeka kuyankha. Onse a mu To ndi mu Cc amaonana maadiresi. Amene ali mu Bcc amalandira uthenga koma ena samuona, nayenso saona anzake a mu Bcc.

Madandaulo onse awiri mankhwala ake ndi amodzi. Polembera gulu la anthu amene sadziwana, ikani adiresi yanu yomwe mu To, mamembala onse mu Bcc. Wina akadina Reply All, batani loyankhira onse, yankho lake silingafike kwa anzake obisikawo, libwera kwa inu. Adiresi ya munthu ili ngati nambala yake ya foni: anakupatsani inu, sanapatse gulu lonse.

Koma pa komiti ya anthu 5 kapena 6 amene akukambirana nkhani imodzi, Bcc ndi yolakwika, chifukwa aliyense ayenera kuona zimene mnzake wanena. Apo gwiritsani To, ndipo m'kati tchulani wina aliyense ndi ntchito yake: a msungichuma abweretse lipoti la ndalama, a wapampando asayine kalata ya kubanki. Mukalembera anthu asanu kuti "wina akatenge makiyi a nyumba yosungira mbewu", aliyense amayesa mnzake apita.

Chizolowezi chimodzi chimene timachitsutsa ndi kuika abwana a munthu mu Bcc mobisa pofuna kumutchera msampha. Abwanawo akangodina Reply All, zonse zimaululika, ndipo mnzanuyo sadzakukhulupiriraninso. Ngati nkhani yafika poti akuluakulu adziwe, aikeni mu Cc poyera ndipo nenani m'kalatamo kuti mwatero.

Kukumbutsa popanda kutopetsa

"Ndimapanga mipando ndi madesiki. Ofesi ina inandipempha kotesheni, ndinatumiza pa imelo, papita sabata ziwiri osamva kanthu. Ndikuopa kuwakumbutsa, angandione ngati wovuta."
Kalipentala wa ku Ndirande, Blantyre

Bambo, safunsa anadya phula. Kukumbutsa ndi mbali ya malonda, ndipo sabata ziwiri zachuluka kale. Masiku ogwira ntchito 3 mpaka 5 ndi okwanira kudikira.

Musayambe imelo yatsopano. Pitani mu Sent, tsegulani ija munatumiza, dinani Reply kuti kalata yakale ionekere pansi. Dziwani kuti Reply satenga fayilo imene munamata poyamba, ndiye kotesheniyo imateninso. Mawu akhale ochepa: kuti pa tsiku lakuti munatumiza mtengo wa madesiki 30, kuti mwaumatanso, ndipo mukufunsa ngati waonedwa ndi tsiku limene angagamule. Funso loti munthu angayankhe kuti inde kapena ayi limayankhidwa msanga kuposa "tikudikira kumva kwa inu". Mawu odandaula ngati "simunandiyankhe" asapezekemo. Mwina imelo inagwera mu Spam, kumene makina amataya maimelo okayikitsa, mwina woisamalira ali ku maliro.

Kotesheni yanu ikhale ndi tsiku lothera, mwachitsanzo masiku 14 kapena 30. Mitengo ya matabwa, misomali ndi vanishi siikhazikika, ndipo popanda tsikulo adzakuitanani patapita miyezi itatu akufuna mtengo wakale. Tsiku lomwelo limakupatsaninso chifukwa chaulemu chowakumbutsira.

Mukakumbutsa kawiri osayankhidwa, imbani foni kapena pitani. Ndiye pali chinthu chimene amalonda ang'onoang'ono ambiri amachiphonya. Mukamvana pafoni kapena pamaso, tsiku lomwelo lembani imelo yobwereza zimene mwagwirizana: chiwerengero, miyeso, mtundu wa matabwa, mtengo, ndalama ya chikole, tsiku lobweretsa katundu ndi amene alipire galimoto. Malizani ndi kupempha kuti atsimikize. Mawu a pakamwa amauluka, ndipo amene munalankhula naye akhoza kusamutsidwa mawa. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalola uthenga wa pa kompyuta kuperekedwa ngati umboni, choncho maimelo a malonda musamafufute.

Ndinalemba nditapsa mtima

"Mnzanga wa kuntchito anandinena pa imelo imene anaikamo anthu ambiri. Ndinamuyankha nthawi yomweyo mawu owawa. Kodi ndingaibweze?"
Namwino wa ku Mzuzu

Amayi, pepani, yapita. Gmail imapereka masekondi 5 okha oti mudine Undo, ndipo mukhoza kuwaonjezera mpaka 30 mukalowa mu Settings pa kompyuta. Chitani zimenezo lero. Mu Outlook muli njira yoitanitsa imelo kuti ibwerere, koma imagwira pakati pa anthu a bungwe limodzi, ndipo sithandiza ngati munthu wawerenga kale.

Amati pepani sapoletsa chilonda, komabe n'kofunika. Kaonaneni ndi mnzanuyo pamaso, kenako lembani mizere iwiri kwa onse amene anaona, yopepesa chifukwa cha mawu amene munasankha, osabwerezanso mkangano. Ngati zimene anakunenanizo n'zabodza, konzani ndi mfundo zokha: tsiku, nthawi, ndi zimene zinalembedwa m'buku la ntchito. Mtsogolo muno, imelo ikakuwawani, yankho lilembeni popanda adiresi ya munthu, ligone mu Drafts, muliwerengenso m'mawa. Imelo ya kuntchito imatha kutumizidwa kwa aliyense, ndipo ya pa adiresi ya kampani imasungidwa pa makina a kampaniyo ngakhale inu mutaifufuta.

Tinasemphana tsiku ndi anzathu akunja

"Timagwira ntchito ndi mabungwe a ku London ndi ku America. Kawiri konse tasemphana pa tsiku ndi nthawi ya msonkhano wa pa intaneti."
Wogwira ntchito za chitukuko, Mangochi

Achimwene, pali misampha iwiri. Mukalemba 03/04, kuno ndi ku Britain timawerenga 3 Epulo, koma ku America amayamba ndi mwezi, ndiye iwo amawerenga 4 Malichi. Mwezi muziulemba m'mawu, n'kuonjezapo dzina la tsikulo, kuti wina akalakwitsa china chimukonze. "Mawa" ndi "sabata yamawa" musalembe, chifukwa simudziwa tsiku limene awerenge.

Wachiwiri ndi wotchi. Ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa nthawi ndi imodzi ndipo sisintha chaka chonse. Ku Britain amasuntha wotchi Lamlungu lomaliza la Malichi ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala ife timakhala patsogolo ndi ola limodzi, miyezi inayo ndi maola awiri. Ndiye 10 koloko ya ku Lilongwe ndi 9 koloko ku London mu Julayi, koma 8 koloko mu Januwale. Lembani nthawi zonse ziwiri, kapena tumizani kuitana kwa pa kalendala ya Google kapena Outlook, imene imasintha yokha nthawi kwa wolandira. Pansi pa dzina lanu, nambala ya foni iyambe ndi +265 n'kuchotsa 0 woyamba.

Maimelo anasiya kufika, ndipo ena akundikayikitsa

"Makasitomala akuti amanditumizira maimelo koma amabwerera. Ine ndikafuna kutumiza zithunzi za katundu zimakana. Komanso ndalandira imelo yochokera kwa amene amatigulitsa katundu yonena kuti asintha akaunti ya kubanki."
Mayi wa bizinesi ya zipangizo zomangira, Mchinji

Amayi, tiyambe ndi chachitatucho chifukwa ndicho chingakugwetseni. Musalipire ku akaunti yatsopanoyo musanalankhule ndi mwini wake pafoni, ndipo nambala yake muitenge pa malisiti akale kapena m'foni mwanu, osati pa imelo imene yabwerayo. Akuba amatsegula adiresi yosiyana ndi yeniyeni pa lemba limodzi lokha, nthawi zina amalowa mu akaunti yeniyeniyo n'kuyankha m'kati mwa makalata anu akale, moti chilichonse chimaoneka chabwinobwino. Chizindikiro chawo ndi kufulumizitsa: lipirani lero, musaimbe foni tili pa msonkhano. Dinani pa dzina la wotumiza muone adiresi yonse, muiyerekeze ndi yakale lemba ndi lemba. Pa akaunti yanu yatsani chitetezo chachiwiri, chija chimafuna nambala yobwera pafoni kuwonjezera pa pasiwedi.

Maimelo obwerera aja, ngati adiresi akuilemba molondola, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti malo adzaza. Akaunti yaulere ya Google ili ndi 15 GB, ndipo malowa amagawana Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Pa mafoni a Android, zosunga za WhatsApp nazonso zimadya malo omwewo. Akadzaza simungatumize kapena kulandira. Fufutani mavidiyo ndi maimelo a mafayilo aakulu, kenako mukakhuthule Trash, chifukwa zofufutidwa zimakhalabe mmenemo masiku 30 zikuwerengedwa. Mu kabokosi kofufuzira ka Gmail lembani larger:10M, akuonetsani maimelo onse opitirira 10 MB.

Potumiza, malire a Gmail ndi 25 MB pa imelo imodzi, ndipo makina a makampani ena amakana ngakhale zochepera apo. Zithunzi 10 za foni ya kamera yabwino zimatha kudutsa malirewo. Zichepetseni, kapena ziikeni mu PDF imodzi yokhala ndi dzina ndi mtengo pansi pa chithunzi chilichonse, zimene zimapulumutsanso bandulo ya kasitomala. Zikakhala zambiri, ziikeni pa Google Drive n'kutumiza linki, koma musanatumize onani pa Share kuti mwampatsa wolandirayo chilolezo chotsegula. Mukaiwala, iye akadina angoona uthenga womuuza kuti apemphe kaye kwa inu.